Chisamani cha ngongole ya khadi ntchito itatha: lipoti la nkhani ya mayi wina ku Leicester

Lipotili ndi la nkhani imene ndinayendetsa mu 2025 monga mlangizi wa za ngongole ku bungwe lina lothandiza anthu kwaulere mumzinda wa Leicester. Eni nkhani anavomera kuti ndiilembe bola dzina lawo lisatuluke, choncho ndingowatchula kuti mayi. Malamulo amene ndikutchula muno ndi a England ndi Wales. Ku Scotland makhoti amayenda mosiyana.

Mmene zinthu zinalili

Mayiwa ndi a zaka za m'ma 40, kwawo ndi ku Ntcheu, ndipo ali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale. Anagwira ntchito yosamalira okalamba kwa zaka zambiri kufikira nyumba ya okalambayo itatsekedwa. Pamene tinakumana n'kuti akudalira Universal Credit, ndalama imene boma limapereka kwa osagwira ntchito ndi opeza zochepa, imene chaka chimenecho inali £400.14 pamwezi kwa munthu wosakwatira wa zaka 25 kapena kuposerapo, kuphatikiza gawo la lendi limene silinkakwanira chipinda chimene amachita lendi.

Ngongoleyo inayamba ndi maliro. Bambo awo atamwalira mu 2019, tikiti ya ndege, bokosi, chakudya cha pasiwa ndiponso chiliza cha chaka chotsatira, zonse zinalowa pa khadi la ngongole. Ankabweza pang'onopang'ono mpaka 2022 pamene maola a ntchito anachepa, ndipo anasiya. Banki inatseka akauntiyo, kenako inagulitsa ngongoleyo ku kampani ina imene ntchito yake ndi kugula ngongole zakale pamtengo wotsika n'kumatolera yonse. Izi n'zololedwa, ndipo kampaniyo ndi imene inadzawasumira kukhoti. N'chifukwa chake dzina lolembedwa pa chisamani linali lachilendo kwa mayiwa, ndipo poyamba anaganiza kuti ndi akuba a pa intaneti.

Anabwera ndi jumbo yodzaza makalata, ambiri osatsegula. Tinawayala pa tebulo n'kumatsegula imodziimodzi, ine ndikuyang'ana madeti, iwo manja ali pamiyendo. Pakati pake panali kalata yochenjeza ya maloya a kampaniyo. Chiyambire 1 Okutobala 2017, kampani isanasumire munthu pa ngongole iyenera kutumiza kalata yotereyi ndi kudikira masiku 30. Kalatayo inali yomatabe. Akanaiyankha, mwina mlandu sukanafika kukhoti. Chisamani chokha ndicho anatsegula, chifukwa cha chidindo cha khoti.

Chinkafuna £4,465: ngongole £4,180, ndalama ya khoti £205, ndi ya loya £80.

Mantha amene tinayamba kuchotsa

Funso lawo loyamba linali lakuti, "Achimwene, ndiye kuti andimanga?" Lachiwiri linali la mapepala awo okhalira kuno, lachitatu la DBS, chiphaso chimene aliyense wosamalira okalamba amafunsidwa asanalembedwe ntchito.

Ndinawayankha mosazungulira. Ngongole ya khadi si mlandu wa polisi, ndipo ku England munthu samangidwa chifukwa cholephera kuibweza. Chimene chingamuike munthu m'mavuto ndi kunyozera lamulo la woweruza, monga kuitanidwa kuti akafotokoze za chuma chake iye n'kukana mobwerezabwereza. Chigamulo cha ngongole, chimene aliyense kuno amachitcha CCJ, sichioneka pa DBS chifukwa DBS imaonetsa milandu ya upandu. Za mapepala okhalira kuno, mlangizi wa ngongole saloledwa kupereka uphungu, choncho ndinawatumiza kwa mlangizi wovomerezeka pa nkhani zimenezo. Iye anawatsimikizira kuti chilolezo chawo sichikhudzidwa, koma kuti tsiku limene adzafune unzika wa Britain adzafunika kuonetsa kuti akuyesetsa kubweza.

Anadandaulanso za Northampton, dzina limene linalembedwa pamwamba pa chisamani. Ankawerengera kale ndalama ya basi. Ku Northampton kuli ofesi imene imatulutsa zisamani za ngongole zochuluka zedi za dziko lonse, koma sikupitidwa. Ngati mlandu wa munthu wamba ufika pofuna kuonana ndi woweruza, umasamutsidwira ku khoti la kufupi ndi kumene akukhala.

Masiku

Apa ndi pamene milandu yambiri yotere imathera, mwini wake asanalankhule kanthu. Munthu ali ndi masiku 14 oyankhira kuchokera tsiku limene lamulo limati walandira chisamani. Kwa zisamani za ku Northampton, tsiku limenelo ndi lachisanu kuchokera pa deti limene chisamanicho chinatulutsidwa, choncho malire ndi tsiku la 19. Mayiwa anabwera tsiku la 12.

Munthu akapanda kuyankha, kampani imapempha chigamulo popanda woweruza kumva mbali yake, ndipo kawirikawiri imapempha kuti ndalama yonse ilipidwe nthawi imodzi. Munthu wosagwira ntchito sangathe, ndiye kampani imakhala ndi ufulu wotumiza ma bailiff, amene kwathu timati masherifu. Chigamulo choterocho chikhoza kufufutidwa, koma pamafunika pempho lapadera, chifukwa chomveka, ndi kuchita changu. N'kovuta kwambiri kuposa kungoyankha pa nthawi yake.

Anzawo ena anali atawalangiza kuti angokhala chete popeza "alibe kanthu koti alandidwe". Wina anawatumizira pa WhatsApp kalata yokopera pa intaneti yokana kuti sadziwa ngongole iliyonse. Malangizo onse awiri ndi oopsa, achiwiriwo makamaka. Fomu yotsutsira mlandu imasainidwa pansi pa mawu otsimikiza kuti zolembedwazo n'zoona, ndipo kunama pamenepo ndi kunyoza khoti.

Tsiku lomwelo tinalowa pa Money Claim Online, tsamba la khoti la pa intaneti, pogwiritsa ntchito nambala ya mlandu ndi mawu achinsinsi olembedwa pa chisamani, n'kudziwitsa khoti kuti chisamani talandira ndipo tikufuna kutsutsa gawo lina. Kutero kumawonjezera nthawi kufika masiku 28, kutanthauza tsiku la 33. Sindichita zimenezi ndi aliyense. Munthu amene akudziwa kuti ngongole ndi yakedi ndipo ndalama yake ndi yolondola, palibe chifukwa chozengerezera. Koma mayiwa anali ndi chifukwa chenicheni: ankakumbukira kuti mu 2023 ankalipira £20 mwezi uliwonse kwa otolera ngongole ena, ndipo ndalama ya pa chisamani sinkaonetsa kuti inatsikapo.

Kufufuza ngongoleyo

Ndiyenera kunena momveka chinthu chimene mayiwa sanafune kumva, ndipo ambiri safuna: kusowa ntchito si chifukwa chotsutsira mlandu. Woweruza akawerenga fomu yotsutsa yongonena kuti "ntchito inatha, ndilibe ndalama", amaona kuti munthuyo wavomera ngongole. Umphawi uli ndi malo ake mumlanduwu, ndipo ndi malo amphamvu, koma ndi pa funso la kabwezedwe. Funso loti ngongoleyo ilipodi ndipo ndi zingati limayankhidwa ndi mapepala.

Choyamba ndinayang'ana zaka. Nditawafunsa tsiku limene analipira komaliza, mayiwa anapukusa mutu n'kuti, "Nanga zili ndi ntchito? Mlandu suwola." Kuno umatha kuwola. Pansi pa Limitation Act 1980, kampani ili ndi zaka 6 zosumira ngongole yotere, ndipo khoti la apilo (Court of Appeal) linagamula mu 2019, pa mlandu wa Doyle ndi PRA Group, kuti kwa khadi la ngongole zakazo zimayamba kuwerengedwa ikatha nthawi ya kalata yodziwitsa munthu kuti waphwanya pangano. Koma munthu akalipirako kena kalikonse, kapena akavomera ngongoleyo polemba, zisanathe zakazo, kuwerenga kumayambiranso. Kwa mayiwa kalatayo inali ya 2022 ndipo analipirako mu 2023. Khomo limeneli linali lotseka.

Chachiwiri chinali pangano lenilenilo. Gawo 78 la Consumer Credit Act 1974 limapatsa mwini khadi ufulu wopempha kope ya pangano ndi chikalata cha ndalama zotsala, polipira £1 yokha. Kampani ili ndi masiku 12 a ntchito, ndipo ikalephera singakakamize ngongoleyo kukhoti mpaka itapereka. Makampani ogula ngongole nthawi zina amakhala alibe mapepalawa, chifukwa amagula maakaunti masauzande pamodzi. Tinatumiza pempholo ndi postal order ya £1, ndipo padera tinalembera maloya awo kupempha mapepala onse amene anawatchula pa chisamani. Popeza masiku anali othinana, tinawapemphanso kuti tiwonjezere nthawi yoyankhira. Malamulo a khoti amalola mbali ziwiri kugwirizana mpaka masiku 28 owonjezera, bola khoti lidziwitsidwe polemba. Anavomera masiku 14, ndipo tinalembera khoti tsiku lomwelo.

Mapepala anabwera. Pangano linali lolembedwanso kuchokera m'makompyuta a banki, lopanda siginecha, ndipo mayiwa anasangalala poganiza kuti apulumuka. Ndinawauza kuti chiyambire chigamulo cha Carey ndi HSBC mu 2009, kope yotere ndi yokwanira pa gawo 78 ngati ikuonetsa zoona zake za pangano. Kalata yophwanya pangano inalipo, yodziwitsa za kugulitsidwa kwa ngongole inaliponso, ndipo ina mwa izo tinaipeza m'jumbo muja.

Koma pa chikalata cha ndalama, malipiro a 2023 sanaoneke. Mayiwa anapita ku banki yawo kukatenga masitetimenti a chaka chimenecho, ndipo tinadula mzere ndi cholembera pansi pa £20 iliyonse. Zinakwana 12, pamodzi £240. Ena anganene kuti ndi kandalama kochepa pa ngongole ya zikwi zinayi. Kwa munthu wa Universal Credit ndi chakudya cha mwezi ndi kupitirira, ndipo inali ndalama yawo imene anaipeza pogwira ntchito usiku.

Bajeti, ndi manyazi

Tinasankha kuvomera gawo ndi kutsutsa gawo: fomu N9A kuvomera £4,225 ndi kupempha kubweza pang'onopang'ono, fomu N9B kutsutsa £240, masitetimenti ataphatikizidwa. Pali kamsampha apa. Wovomera ngongole yonse amatumiza N9A kwa kampani yomusumira, koma wovomera gawo amatumiza mafomu onse awiri kukhoti.

Ntchito yovuta kwambiri pa nkhani yonseyi inali bokosi laling'ono la pa N9A lofunsa ndalama imene munthu angathe kulipira pamwezi. Mayiwa anafuna kulemba £100. Nditafunsa kuti ichokera kuti, anati alowa chipeleganyu cha amayi a kutchalitchi, ndipo zikavuta pali bambo wina amene amakongoza. Anati woweruza akaona kandalama kochepa adzawayesa achipongwe.

Ndimaumva mtima umenewu ndipo ndimaulemekeza. Anthu athu ambiri analeredwa kuti mwini ngongole ukamuona uzimuonetsa kuti ukuyesetsa. Koma ndalama imene yalembedwa m'bokosi lija, ikavomerezedwa, imasanduka lamulo la khoti. Ukalonjeza £100 n'kulephera mwezi wachiwiri, waphwanya chigamulo, ndipo kampani ikhoza kuyamba kukakamiza. Ukalonjeza £4 n'kumalipira osadumphitsa, palibe bailiff amene angatumizidwe pakhomo pako. Ndipo kutenga katapila kuti ubweze khadi ndiko kusinthanitsa ngongole imene ili pansi pa malamulo ndi ina yopanda malamulo. Kuno kukongoza ndalama ngati bizinesi popanda chilolezo cha Financial Conduct Authority, bungwe loyang'anira makampani a zandalama, ndi mlandu, koma wokongozayo amadziwa pakhomo pako ndi abale ako.

Tinalemba bajeti pa Standard Financial Statement, ndondomeko imene alangizi ndi makampani a ngongole kuno amagwiritsa ntchito mofanana. Zoyamba ndi zimene munthu akazilephera amataya pogona kapena kuzimitsidwa: kuwonjezera pa lendi, msonkho wa khonsolo (council tax), magetsi ndi gasi. Kenako chakudya, foni, basi yopitira ku Jobcentre (ofesi ya boma ya ofuna ntchito) ndi kofunsira ntchito. Pa Universal Credit yawo ankadulaponso kale ndalama imene anabwereka podikira malipiro oyamba, paja oyambawo amatenga pafupifupi milungu isanu. Khadi la ngongole limabwera kumapeto kwa zonsezi, ngakhale eni ake ndi amene amaimba foni kwambiri.

Kenako tinafika pa £50 imene ankatumiza ku Ntcheu mwezi uliwonse ya mankhwala a BP a mayi awo. Ankaipeza podya kamodzi patsiku. Poyamba sanaitchule, inatulukira nditaona sitetimenti. Sindinawauze kuti asiye, chifukwa si ine woti ndiike malire pakati pa munthu ndi mayi ake omubereka. Ndinawauza zoona ziwiri: kuti pa fomu ya khoti sitibisa kanthu, ndi kuti khoti likhoza kuona ndalama imeneyo ngati yotsala imene ikanapita ku ngongole. Anakaimbira alongo awo a ku Johannesburg ndi achemwali awo a ku Lilongwe, n'kuwauza kwa nthawi yoyamba kuti ntchito inatha miyezi yapitayo. Abalewo anagawana za mankhwala. Mlungu wotsatira mayiwa anandiuza kuti kuimba foni imeneyo kunawawawa kuposa chisamani.

Zonse zitachotsedwa panatsala pafupifupi £6, yoti igawidwe pakati pa khadi ndi kangongole kena ka ku banki molingana ndi kukula kwake. M'bokosi lija tinalemba £4.

Njira zimene tinaziganizira n'kuzisiya

Breathing Space, imene inayamba pa 4 Meyi 2021, imaimitsa chiwongola dzanja ndi kukakamiza kwa masiku 60. Siimitsa masiku oyankhira chisamani chimene chatuluka kale, ndipo munthu sangaitengenso isanathe miyezi 12. Tinaisunga kuti idzatithandize ma bailiff akadzabwera.

Njira imene inkaoneka yowayenera kwambiri inali DRO (Debt Relief Order), imene imafufuta ngongole pakatha miyezi 12 ngati zinthu sizinasinthe. Kuyambira 2024 ilibenso malipiro a £90 amene ankafunika poipempha, ndipo imafika pa ngongole za £50,000. Munthu ayenera kukhala wotsala ndi £75 kapena kucheperapo pamwezi, ndi katundu wosaposa £2,000, kupatula galimoto ya mtengo wosafika £4,000. Ndikuwerenga mafunso a katundu, mayiwa anati alibe kanthu kuno. Ndinafunsa za kumudzi. Ali ndi puloti ku Lilongwe ya m'dzina lawo, maziko anathiridwa kale, ndipo mtengo wake ukuposa malire aja. Katundu wa kunja kwa dziko amawerengedwa. Anafunsa ngati angaisinthe kukhala ya mwana wawo, ndipo ndinawauza kuti ayi: fomu ya DRO imafunsa za katundu amene munthu wapereka kapena kugulitsa motchipa m'zaka ziwiri zapitazo, ndipo kubisa ndi mlandu weniweni, woposa ngongoleyo. Anasankha kusunga puloti ndi kusenza CCJ. Ndikuona kuti anasankha akudziwa bwino zotsatira zake, ndipo chisankho chinali chawo.

Kampani ina yotsatsa pa Facebook inali itawaimbira kuwanyengerera IVA, pangano la lamulo lobweza pang'onopang'ono gawo la ngongole zonse za munthu. Munthu wodalira Universal Credit yokha kawirikawiri IVA simuyenera, popeza imafuna kulipira mwezi uliwonse kwa zaka zisanu. Uphungu wa ngongole kuno sulipiridwa: National Debtline, StepChange ndi Citizens Advice amathandiza kwaulere.

Chigamulo

Kampaniyo inavomera kuchotsa £240 koma inakana £4 pamwezi. Zikatero, pa ngongole ya msinkhu umenewu, kalaliki wa khoti ndi amene amaika mlingo wa malipiro poyang'ana fomu yokha, osaonana ndi munthu. Anaika £40.

Kalata itafika mayiwa anandiimbira akulira, akuti zonse tinachita zija zapita pachabe. Sizinali choncho. Munthu ali ndi masiku 14 opempha kuti woweruza aunikenso mlingowo, ndipo pempho limeneli ndi laulere, kalata wamba ndi yokwanira. Masikuwo akadutsa pamatsala fomu N245, imene ili ndi malipiro ake, ngakhale wa Universal Credit angapemphe kukhululukidwa kudzera pa fomu EX160. Tinalemba kalata tsiku lotsatira, ndipo mlandu unasamutsidwira ku khoti la ku Leicester.

Kukhotiko sikunali monga ankaopera. Kanali kachipinda kokhala ndi tebulo, woweruza atavala suti wamba, woimira kampani mbali ina, ife mbali ina. Mayiwa anavala chitenje pamwamba pa diresi lawo la kutchalitchi ndipo ananyamula mapepala atatu amene tinakonza: chikalata cha Universal Credit cha mwezi umenewo, pangano la lendi loonetsa ndalama imene amawonjezera, ndi mndandanda wa malo amene anafunsirako ntchito. Woweruza anafunsa za lendi ndi za ndalama ya basi, mayiwa anayankha okha, mawu akunjenjemera koma osasokoneza. Woimira kampani anati pa £4 ngongoleyo siidzatha. Woweruza anati zimenezo akuziona, koma sangalamule ndalama imene kulibe. Anaika £4 pamwezi. Zonse sizinathe theka la ola.

Pamene nkhani ili tsopano

CCJ yalembedwa m'kaundula wa zigamulo ndipo ikhalamo zaka 6. Ikanafufutidwa akanalipira yonse mwezi umodzi usanathe, zimene sizikanatheka. Akadzamaliza m'kati mwa zakazo idzangolembedwa kuti inalipidwa. Pa nthawi imeneyi kupeza ngongole ina, foni ya kontrakiti kapena nyumba ya lendi kudzera kwa ma ejenti kudzakhala kovuta, ndipo ndinawauza zimenezi tisanatumize mafomu. Ku mbali ina, chigamulo cha ngongole ya pansi pa Consumer Credit Act sichiwonjezeredwa chiwongola dzanja cha khoti, ndipo sichingatumizidwe kwa okakamiza a High Court.

Tinakonza kuti banki izitumiza yokha £4 patangopita masiku awiri Universal Credit italowa, kuti isadalire kukumbukira. Miyezi ingapo pambuyo pake mayiwa anapeza ntchito ya masiku atatu pamlungu ku nyumba ina ya okalamba, DBS yawo inatuluka yoyera. Ndinawakumbutsa kuti tsopano kulipira osadumphitsa n'kofunika kuposa kale, chifukwa munthu wolembedwa ntchito akaphwanya chigamulo, kampani ikhoza kupempha khoti kuti lizidula pa malipiro ake, zimene silingachite pa Universal Credit. Kampaniyo ilinso ndi ufulu wopempha khoti kukweza mlingowo ikaona kuti zinthu zasintha. Tinagwirizana kuti akalandira malipiro a miyezi itatu tidzalembenso bajeti, ndipo ngati patsala kanthu adzawonjezera okha polemba kalata. Fayilo yawo ikadali yotsegula mpaka tsiku limenelo.